Mizere ya Wamanzere

Munthu akagula mpeni wabwino mu Seki n'kufuna kuti dzina lake ligobedwe pa chitsulo, ankamulozera kwa Tokie Shinoda, kuseri kwa msewu wa masitolo, komwe kanyundo kankayamba kulira anthu asanatsegule zitseko. Makina olemba mayina anali atafika kale m'tauni muno, ndipo ankalemba mwaukhondo ndithu, koma Tokie ankati zolemba za makina n'zosalala ngati nkhope ya maliro. Ankanena zimenezi pamaso pa eni makinawo. Iwo ankangoseka, chifukwa mipeni ya ophika otchuka ankaitumizabe kwa iye.

Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. Wogula akamulembera dzina mokhotakhota, iye ankaliyang'ana kaye n'kufunsa kuti, "Dzina labwinobwinoli lakulakwirani chiyani?" Akatero ankapana mpeni pa thabwa, n'kuika katchizulo, n'kuyamba kugogoda osajambula kaye ndi pensulo. Pa moyo wake wonse sindinamvepo kuti wawononga mpeni wa munthu, ndipo akanawononga tikanamva, popeza Seki sasunga chinsinsi.

Lusoli analitengera kwa bambo ake, a Rinzo. Pa nthawi ya nkhondo tauni yonse inkasula malupanga a akuluakulu a asilikali, usana ndi usiku. Dzina la wosula limalembedwa pa mchira wa lupanga, chitsulo chija chimabisika m'kati mwa chigwiriro. Koma osula ambiri dzanja lolembera analibe, ndipo nthawi analibenso, choncho ankangomanga malupanga m'mitolo n'kupita nawo kwa a Rinzo. Iwo ndiwo ankagoba mayina a anzawo, tsiku lonse, uku akunyoza. Sankatchula munthu dzina lake lenileni. Wina anali "Chidakwa uja", wina "Wamphuno uja", ndipo Tokie anakula akumva mayina amenewa kuposa nyimbo za ana.

Nkhondo itatha malupanga analetsedwa, Seki n'kubwerera ku mipeni, malezala ndi masizasi. A Rinzo analibe mwana wamwamuna. Tsiku lina anaponyera Tokie katchizulo kakale n'kunena kuti, "Tenga, uziwonongera pa zitsulo zotaya." Kumeneko ndiye kunali kudalitsa kwawo, ndipo sanawonjezerepo mawu ena mpaka kumwalira. Tokie anafika podziwa dzanja la bambo ake monga munthu adziwira chifuwa cha wa m'nyumba mwake: mzere uliwonse ankaumaliza ndi kakankha kakang'ono, ngati wopsa mtima akutseka chitseko.

Anakwatiwa bambo akewo atapita kale. Mwamuna wake, Sadaji, anali wamng'ono kwa iye, ndipo Tokie sankalola kuti aiwale. Sadaji ankagwira ntchito yopala masizasi ndi tupa m'fakitale ina ya kutsidya kwa mtsinje. Anali munthu wa mawu ochepa moti alendo ena ankayesa kuti samva bwino. Anabadwa wamanzere. Amayi ake ankachita nazo manyazi, iwo ndi aphunzitsi n'kumam'manga dzanjalo kumbuyo, mpaka anaphunzira kudya ndi kulemba ndi lamanja. Koma tupa ankagwira ndi lamanzere, ndipo pamenepo panalibe amene anam'gonjetsa.

Bambo ake a Sadaji anali wosula, ndipo dzina lawo la pa ntchito linali Kanetsuyu. Anaitanidwa ku nkhondo Sadaji akadali wosadziwa kumanga lamba, ndipo sitima imene anakwera inamira. M'kabokosi kamene boma linabweretsa kunyumba munalibe mafupa, munali kamwala. Nyundo ndi mbaniro zawo amayi anasinthanitsa ndi mbatata m'chaka cha njala, chithunzi chimodzi chomwe chinalipo chinapita ndi madzi osefukira, ndipo amayiwo anafa osafuna kukamba za mwamuna wawo. Sadaji analibe chilichonse chimene dzanja la bambo ake linakhudzapo. Nkhope yawo sankaikumbukira.

Sankadandaula, koma Tokie ankadziwa. Chaka chilichonse pa chikondwerero cha mipeni ankamuona akuyenda pang'onopang'ono m'misasa ya ogulitsa zakale, akufunsa nkhalamba motsitsa mawu, n'kubwerako manja ali m'thumba. Ndipo zinali zosadabwitsa kuti sankapeza kanthu. Malupanga a nkhondo ambiri anatengedwa ndi opambana, ena anaponyedwa m'nyanja. Otsalawo lamulo linawatsekera njira. Munthu amasunga lupanga pokhapokha lili ndi chiphaso, ndipo chiphaso chimaperekedwa ku lupanga losulidwa mwa makolo, la chitsulo chopindidwa mobwerezabwereza n'kuviikidwa m'madzi. Lopangidwa mwachangu ndi chitsulo cha kufakitale ankalidinda kachidindo pa mchira, ndipo loterolo boma limaliona ngati chida chophera basi. Likapezeka limadulidwa.

Foni inalira chaka chimene maso a Sadaji anayamba kuchita nkhungu, atapuma kale pa ntchito. Anali mayi wina wa kumapiri, kumtunda kwa mtsinje, dzina lake Mayi Kumazaki, ndipo ankalankhula mosapumira. Ankagwetsa nyumba yakale ya apongozi awo, ndipo amisiri anapeza lupanga litabisidwa pamwamba pa mtanda wa denga. Anakanena kupolisi monga mwa lamulo. Wapolisi wina, mwana wa ku Seki konkuno, anachotsa chigwiriro, n'kuwerenga dzina, n'kuwauza kuti aimbire kwa a Shinoda.

"Akuti Kanetsuyu," anatero mayiyo. "Ine sindilifuna m'nyumba muno, tulo sindikuona. Akatswiri akukaliyesa ku Gifu mwezi uno. Likapatsidwa chiphaso, mutenge ndinu, ndi la apongozi anu."

Tokie atabwereza mawuwo, Sadaji anaika pansi kapu ya tiyi mosamala kwambiri, n'kupita kukafuna nsapato zake za ulendo.

Anakwera kasitima kotsata mtsinje m'mawa mwake. Mpunga unali utakololedwa, minda ili mbee. Sadaji anakumbatira chikwama pamiyendo, ndipo sitima ikagwedezeka m'chikwamamo munkalira zitsulo.

"Bambo, mwanyamula chiyani umo?"

"Kamba wa panjira."

"Kamba wolira ngati matupa? Mano anu alimba liti?"

Sadaji anayang'ana pawindo. Tokie sanafunsenso, chifukwa anadziwa chimene matupawo anawatengera.

Nyumbayo inali itasasulidwa theka, dzuwa likulowa pomwe panali denga. Mayi Kumazaki, munthu wonenepa wansangala, anawalandira ndi tiyi ndi mpiru woviika mumchere, n'kuwalowetsa m'chipinda chimene chinali chisanakhudzidwe. Lupangalo linali pa mkeka, m'chimake chake cha chitsulo chobiriwira, chingwe cha pa chigwiriro chitadyedwa ndi mbewa.

"Apongozi anga anafa osanenapo kanthu," anatero mayiyo. "Munthu kugona pansi pa chinthu chotere zaka zonsezi, ana akusewera. Ndiye wapolisi atatsegula ndinaona dzimbiri lokhalokha kumchirako. Ndimati ndilikweche ndi mchenga kuti alendo musaone uve."

"Mwalikwecha?" anafunsa Tokie, mawu atauma.

"Ayi, ndinatanganidwa ndi amisiri."

"Amisiriwo muwaphikire nsomba lero. Dzimbiri la pa mchira sakwecha, mayi. Ndilo limanena zaka za lupanga. Mukanatero ndikanakukwechani inuyo."

Mayiyo anaseka, osadziwa kuti Tokie sankaseka.

Tokie anagwada, n'kuweramira lupangalo pang'ono monga timachitira. Anakankha kamsomali ka nsungwi kamene kamagwira chigwiriro, n'kuimika lupanga, n'kumenya dzanja lake ndi chibakera kuti chitsulo chimasuke. Chigwiriro chinavuka. Mchira unatuluka uli wakuda bii, ndipo pakati pake panali dzina.

Sadaji anatulutsa galasi lake lokulitsa zinthu n'kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda chitsulo. Anawerenga dzinalo ndi milomo yokha. Analiwerenganso. Tokie, amene anakhala naye zaka zonsezo osamuonapo akulira, anayang'ana kumbali kuti amupatse mpata.

Iye anali ataona kale chimene chinalipo. Dzinalo linali lokongola kwambiri, mzere uliwonse utamalizidwa ndi kakankha kaja. Anamva ngati bambo ake alowa m'chipindamo ndi fungo lawo la fodya. Koma Tokie sanali munthu wobisa mawu pofuna kusangalatsa wina, ngakhale mwamuna wake.

"Bambo, dzinali ndi la bambo anu, koma analemba ndi bambo anga."

"Ndimayembekeza zimenezo," anatero Sadaji osadzutsa mutu. "Koma lupangali anasula ndi iwo."

"Tiyeni tione kaye."

Pamwamba pa mchira pamakhala kamkombero ka mkuwa kamene kamagwira lupanga m'chimake. Wapolisi uja sanakasunthe, chifukwa kanali katamatirira. Tokie anakakulunga ndi nsalu, n'kukagogoda ndi kathabwa mpaka kanatsika. Pansi pake, m'dzimbiri, panali kaduwa kakang'ono ngati njere ya mpunga, kodindidwa mozama.

Panja amisiri ankaponya matabwa pansi.

"N'chiyani?" anafunsa Mayi Kumazaki.

"Chidindo," anatero Tokie. "Silipatsidwa chiphaso. Alidula."

Sadaji anaika pansi galasi lake. Kenako anakoka chikwama chija, n'kutulutsa matupa ake, n'kuwayala pa mkeka mwa ukulu wake monga ankachitira ku ntchito. Mayi Kumazaki anayang'ana matupawo, n'kuyang'ana nkhope za alendo ake, n'kunena kuti akukaona ngati madzi awira. Potuluka anatseka chitseko mpaka kumapeto.

"Mayi," anatero Sadaji, "wapolisi sanakaone."

"Ndiye?"

"Ena amachotsa. Mukudziwa."

"Ndikudziwanso amene anagwidwa."

"Amenewo analibe dzanja lanu. Ine maso anatha, ndikanachita ndekha." Anakankhira tupa limodzi kwa Tokie. "Sindinakupemphenipo kanthu chikwatiraneni."

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinamulasa Tokie. Munthu uyu sanapemphepo ngakhale kuwonjezeredwa mpunga. Ndipo Tokie ankadziwa kuti angathe. Ankadziwa kupala chitsulo, kubwezeretsa mizere ya tupa, ndi kudetsanso malowo kuti aoneke akale. Lamulo silinamuopse kwenikweni, tinene zoona. Chimene ankadana nacho ndi kunamiza chitsulo, koma anaona kuti kudana nazo n'kopepuka poyerekeza ndi nkhope imene inali patsogolo pake.

"Patseni kuno ndione kuzama kwake," anatero.

Ananyamula mchirawo n'kupita nawo pamene dzuwa linkalowera. Kachidindoko kanali kozama. Kuti kachoke osasiya dzenje, ankayenera kutsitsa mbali yonseyo ya mchira, kuyambira pamwamba mpaka pafupi ndi dzina. Anayendetsa chikhadabo pa chitsulopo kuti amve mizere imene adzayenera kuibwezeretsa. Wosula aliyense akamaliza lupanga amapala mchira ndi tupa, mizere yopendekeka, kuti chigwiriro chisaterereke. Imeneyo ndi ntchito ya mwini dzina, ngakhale m'masiku a changu aja, popeza ndi pomwe ankaona ngati lupanga lawongoka asanalitumize kolemba.

Chikhadabo chinakodwa. Anayesanso, chinakodwanso. Mizereyo inkapendekera mbali yolakwika.

Pamenepo anamva mawu a bambo ake, omveka bwino ngati ali kuseri kwa chitseko. "Wamanzere uja wabweranso ndi mtolo wake. Mizere yake imayenda chobwerera, katchizulo kanga kamangodumpha. Munthu wanji wopala chitsulo ngati akubwerera kwawo?" Ankadandaula choncho nthawi ya nkhondo, ndipo anapitiriza kudandaula nkhondo itatha, akamwa pang'ono. Tokie anamva za Wamanzere uja kosawerengeka, koma dzina lake lenileni sanalimvepo, ndipo sanaganizepo zofunsa.

Anatsegula chitseko. Mayi Kumazaki anali pomwepo, ketulo ili m'manja, madzi osawira.

"Mayi, muli ndi chikwakwa chakale chotaya?"

Chikwakwa chitabwera, Tokie anachiika pa thabwa patsogolo pa mwamuna wake.

"Palani apa."

"Mayi, si nthawi yosewera ino."

"Ndakuuzani kuti ndikusewera? Palani monga mumapalira. Musaganize, ingopalani."

Sadaji anatenga tupa ndi dzanja lamanzere, n'kulikankha pa chitsulo kangapo. Dzimbiri linagwa, pansi pake n'kuoneka mizere yowala. Tokie anaika mchira wa lupanga pambali pa chikwakwacho. Kenako anagwira chala cha mwamuna wake, poti maso akewo sakanamuthandiza, n'kuchiyendetsa pa chikwakwa, n'kuchiyendetsanso pa mchira.

"Mwamva?"

Sadaji anabwereza yekha. Uku, kenako uku.

"Zikupita kumodzi," anatero.

"Tsopano onani zanga." Tokie anatenga tupa lomwelo ndi dzanja lamanja n'kupala pambali. Mizere yake inapendekera kwina, n'kudutsana ndi ya Sadaji. "Wa dzanja lamanja aliyense amapala chonchi. Seki yonse imapala chonchi. Bambo anu anali amanzere."

"Amayi sananenepo."

"Akananena bwanji, iwo ali kalikiliki kukumangani dzanja?"

Sadaji anayang'ana dzanja lake lamanzere ngati alipeza kumene m'thumba la malaya a munthu wina.

Tokie anakhala pansi bwinobwino, chifukwa mawu otsatirawo ankafuna kuti alowe. "Mverani, bambo. Chitsulo cha lupangali chinachokera kufakitale. Anachisula ndi nyundo ya makina, mwina anthu angapo, ndipo ananola ndi ena. Dzina analemba bambo anga. Pa lupanga lonseli, chimene ndingalumbire kuti ndi dzanja la bambo anu ndi mizere iyi basi. Ndikachotsa chidindo, mizereyi ipita nacho limodzi. Ndidzaikapo yanga, yokongola ndithu, mwina akatswiri osazindikira. Mudzakhala ndi lupanga lalitali pakhoma, koma bambo anu ndidzakhala nditawafufuta ndi dzanja langali."

"Koma akalidula."

"Akadula. Ife tikapempha mchira."

"Akakana?"

"Akakane ine?"

Ananena molimba choncho, koma sankadziwa ngati amapereka. Sadaji anayendetsanso chala pa mizere ija. Kenako anayamba kulongedza matupa ake, limodzilimodzi, ndipo sananene kuti wavomera kapena wakana.

Kunyumba anakhala masiku osalankhula kupitirira "inde" ndi "ayi", ndipo kwa munthu wachete kale, kuchetama kwina kumamveka. Tokie ankagogoda mipeni yake monga mwa masiku onse, akunyoza ogula monga mwa masiku onse, koma ankaopa. Ankaopa kuti walanda mwamuna wake chinthu chokhacho chimene anachifuna pa moyo wake, n'kumulonjeza chinthu chimene sichinali m'manja mwake.

Tsiku loyesa malupanga anakumana ndi Mayi Kumazaki ku Gifu, m'holo ya boma. Anthu anali pa mabenchi, aliyense atafukata mtolo wautali, nkhope zili ngati za odikira dokotala. Akatswiri anali amuna awiri achikulire. Analandira lupangalo mwaulemu, analiweramira, n'kuliyang'ana pa nyale kuchokera kumchira mpaka kunsonga. Wamkuluyo anatsitsa kamkombero ka mkuwa kaja, n'kuona kaduwa, n'kupumira m'mwamba.

"Pepani kwambiri," anatero. "Ili sitingalipatse chiphaso."

"Mwaona bwino," anatero Tokie. "Nanenso ndinaona chomwecho. Sindinabwere kudzakangana."

"Nanga tikuthandizeni bwanji, mayi?"

"Awa ndi amuna anga. Dzina lili apolo ndi la bambo awo, ndipo alibe chinthu china chilichonse cha iwo, ngakhale fupa. Lupanga dulani. Ife tikupempha mchira."

Katswiriyo anayang'ana Sadaji, amene anaima chilili chipewa chili m'manja. Kenako anayang'ananso mchirawo, n'kuupendeketsa pa nyale.

"Anali amanzere," anatero motsitsa.

"Ngati mwana wawo," anatero Tokie.

Akatswiri awiriwo ananong'onezana. Wamkulu uja ananena kuti chitsulo chachifupi chopanda kuthwa si lupanga, ndipo lamulo lilibe nacho kanthu. Anati alembera apolisi kuti podula asiye mchira, koma kudulako kuchitike wapolisi akuona. Tokie anawerama mozama kuposa mmene anaweramirapo kwa munthu aliyense, mawondo ake akale n'kulira.

Analidulira mu Seki momwemuno, m'shedi ya mnzawo wina wowotcherera zitsulo, masana dzuwa likuswa mtengo. Wapolisi uja anabwera nalo yekha. Tokie anaganiza kuti Sadaji atsala kunyumba, koma anabwera, ndipo ndiye anatenga choko n'kujambula podula, pamwamba pang'ono pa kaduwa kaja.

"Chidindocho chitsale?" anafunsa wowotcherera.

"Chitsale," anatero Sadaji. "Ndi mmene zinalili."

Makina analira, moto unathetheka, lupanga n'kugwera pansi m'zidutswa. Tokie, amene moyo wake wonse unali wa zitsulo zakuthwa, anamva chisoni ndithu, ndipo sanabise. Wapolisi anatola zidutswazo n'kuziika m'thumba. Mchira anaupereka kwa Sadaji ndi manja awiri, ukadali wofunda.

Kunyumba Tokie anayatsa lubani pa kaguwa ka makolo n'kusuntha mbale ya mpunga kuti papezeke malo. Koma Sadaji sanauike pamenepo. Anakhala pakhonde chitsulocho chili m'dzanja, chala chachikulu chikuyenda pa mizere.

"Ikani apa, bambo, akhale ndi anzawo," anatero Tokie. "Ngakhale sindikudziwa ngati m'nyumba muno tigonamo. Awiriwa pa chitsulo chimodzi, ayambiranso kukangana."

"Ankakangana?"

"Bambo anga ndiwo ankakangana. Anuwo ankangoima."

Sadaji anatembenuka. "Munawaonapo?"

Tokie anatsegula pakamwa kuti ayankhe msanga monga mwa chizolowezi chake, koma anaima. Chibwerereni kumapiri kuja, Wamanzere uja ankabwera m'mutu mwake pang'onopang'ono, ndipo iye anali asananene, poopa kuwonjezera mchere pa bala. Anapukuta manja n'kukhala pambali pa mwamuna wake.

"Ndinawaona kambirimbiri, kungoti sindinkadziwa kuti ndi apongozi anga. Ndikanadziwa ndikanasamba kumaso. Anali aatali, owonda, makutu ngati anuwa. Ankafika ndi mtolo n'kuima pakhomo osalowa. Bambo anga ankawanyoza kuti, iwe Wamanzere, udzaphunzira liti kupala ngati munthu? Iwo ankangomwetulira n'kudikira. Bambo ankati munthu ameneyu ndi wouma mutu kuposa chitsulo chake, ukamulankhula umakhala ngati ukulankhula ndi mtengo."

"Anatinso chiyani?"

"Mukufuna manyozo onse?"

"Onse."

Tokie anam'patsa onse amene ankakumbukira, ndipo anali ambiri. Sadaji ankamvetsera ngati munthu waludzu. Dzuwa linapendeka, ogula awiri anagogoda pa shopu n'kubwerera, Tokie osadzuka.

"Tsiku lina anabwera ndi mwana pa mapewa," anatero pomaliza. "Kamwana konyansa, mamina ali mbwee, katagwira bambo akewo makutu. Bambo anga anati, taonani, wabweretsa wamanzere wina. Ine ndinakapatsa mbatata yowotcha, iko n'kundilavulira."

"Ndinali ine?"

"Analipo wina wa makutu otero mu Seki?"

Sadaji anaseka, kuseka kwenikweni, kenako kusekako kunasanduka china, ndipo ulendo uno Tokie sanayang'ane kumbali. Atapuma, mwamunayo anafunsa motsitsa kwambiri.

"Ankandigwira?"

"Mwendo. Kuti musagwe."

"Ndi dzanja liti?"

"Mtolo wa malupanga unali ku lamanja," anatero Tokie. "Labwinolo anasungira inu."

Sadaji anafumbata chitsulocho m'dzanja lake lamanzere. Tokie anadzuka kukaika mpunga pamoto, ndipo malo aja anakonza pa kaguwa anabwezerapo mbale.